Utoto wa Kunsi kwa Mapiko

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji masiku ano? Ife kuno ku Chulu tilipo, kungoti mwera watisiyira chifuwa nyumba yonse, ndipo tsopano dzuwa layamba kuwawa. Ndine Elube wanu, ndakhala pakhonde pompa pamene munkaswera mtedza. Ndinayenera kulemba kalekale, koma mukundidziwa, ndikagwira chinthu chimodzi zina zonse zimayamba zadikira.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Esinati anachira mwezi wa Juni, mwana wamkazi, wonenepa bwino. Watenga mphumi yanu, ndi kakwinya kaja munkachita mukaona munthu akuthira mchere ngati wapatsidwa ulere. Akalira mudzi wonse umadziwa. Chimanga chachita bwino, nkhokwe yadzaza mpaka tinasomekera mapesi pamwamba. Kuponi ya feteleza tinalandira imodzi, tinagawana ndi a kwa Esinati, thumba kulikhuthulira pamphasa n'kumayeza ndi ndowa monga munkachitira inu kuti pasapezeke wong'ung'udza. Mtedza wokha ndiye unatikana, mvula inadula ukadali wanthete. Mbuzi yanu yamawanga sinalape. Inalowa m'nyumba n'kudya makope anayi a ana anga a Sitandade 5, ndipo eni makopewo anasangalala kwambiri poti munali masamu osachonga. Paja munkati mbuzi imeneyi ili ndi nzeru kuposa anthu ena a mumpingo, ine ndayamba kuvomereza.

Tsono imene yandikhazika pansi ndi nkhani ya abambo. Titangomanga chiliza chanu, anaitanitsa amalume n'kuwauza kuti awasudzule, abwerere kwawo ku Kapelula. Ati mkamwini amakhala pamudzi chifukwa cha mkazi, tsono mkaziyo wapita, iwo atsalirenji. Amayi, munthu wakhala pano zaka zoposa makumi anayi! Ku Kapelulako abale awo enieni onse anatha, kwatsala ana a alongo awo amene sadziwa n'komwe kuti tiyi amamwa wopanda mkaka. Ndinalira, ndinawanyengerera, Esinati anawaika khanda pamiyendo, koma ayi ndithu. Amalume anati munthu akapempha yekha sungamumange chingwe, ndipo anagwirizana kuti zichitike mvula isanagwe. Chichokereni inu abambo anangoti duu, dzina lanu osalitchula, kudya kongolawa. Makasu awo anawamanga kale ndi luzi n'kuwaimika kuseri kwa chitseko.

Nditaona kuti ndalephera, ndinati bola ndiwapangire kanthu koti akanyamule. Ndiye ndinaganiza za ndege ija.

Nkhaniyo munkainena bwino ndinu: mmene munkasankha fodya ku esiteti muli ndi pakati panga, mmene ndinapingasa m'mimba mpaka tsiku lachiwiri, mlatho utakokoloka galimoto osadutsa, ndiye bwana wa esitetiyo anakunyamulani pa kandege kake kupita nanu kuchipatala ku Lilongwe. Mpaka lero akale akandiona amati Nandege. Koma tikakufunsani kuti ndegeyo inkaoneka bwanji, munkangoti, "Ine ndinaona denga lokha. Iweyo unkandipatsa mpata woyang'ana utoto?"

Chomwe tili nacho ndi chithunzi chimodzi chija cha m'sutikesi, abambo ataima pambali pa phiko ndi chikwakwa chawo, poti ntchito yawo inali kutchetcha udzu pabwalo lotera ndegeyo ndi kuthamangitsapo ng'ombe. Ndinawaimika pachitseko n'kuwayeza ndi tepi ya telala, kuti kuchokera pa msinkhu wawo ndidziwe kutalika kwa phiko ndi thunthu. Sindinawauze chifukwa chake, ndiye anandifunsa ngati ndayamba kale kuwayezera bokosi. Ndinasema chiwale masabata atatu, monga ndimachitira ndi zophunzitsira za kusukulu. Yatalika ngati mkono wanga. Chozungulira cha kumphuno ndinadula pa chitini cha mafuta, matayala pa patapata wakale, mawindo pa botolo la pulasitiki. Osadzitama ayi, koma yatuluka ndege.

Vuto linabwera pa utoto, poti chithunzicho n'chakuda ndi choyera basi. Amalume anati inali yoyera, koma amalume nthawi imeneyo anali ku migodi ku Joni, kaya anaionera kuti. Amayi aang'ono anati yofiira, kenako anati mwina yofiira inali thirakitala. Akale ena onse amene ndinawafunsa potuluka m'tchalitchi anati yachikasu. Ndinapita kwa Che Amidu, ogulitsa utoto ndi misomali pa Chulu aja, n'kutenga kachitini ka chikasu. Nditapaka, Amayi, inatuluka ngati chigubu cha mafuta ophikira. Ndinaiyanika kuseri kwa khitchini, abambo anadutsa, anaiyang'ana kamodzi n'kupitirira osaima n'komwe. Zinandiwawa kwabasi. Che Amidu anandibwereka kapepala kawo kokhala ndi timabokosi ta mitundu, ndinazungulira nako kwa akuluakulu aja, koma aliyense ankaloza pake, wina mpaka anandibwezera kuti timabokosi tonseto n'timodzi.

Tsiku lina ndikusesa m'chigafa ndinakumvani m'mutu mwangamu, mmene munkatikalipira tikasakaniza masamba pomanga mindindi: "Chikasu si chimodzi, ana inu, tsegulani maso." Ndinaima ndi tsache m'manja. Amene ankaiona ndegeyo tsiku ndi tsiku anali osankha fodya, anthu oti masamba awiri amene ife timati ndi amodzi iwo amawaika milu iwiri. Kapepala ka kusitolo sangakadziwe, koma fodya amamudziwa.

Fodya wathu wa mtundu wa bale ndi wofiirira, sakanathandiza. Ndinakapempha masamba a fuluu, wouma ndi moto uja, kwa bambo wina amene anali asanatsirize kudinda mabelo ake. Anandipatsa a pansi, a pakati ndi a kunsonga, akundiseka kuti aphunzitsi ayamba kusuta. Ndinawakulunga m'chiguduli n'kukwera matola mpaka ku Njombwa kwa a Nambewe, anzanu a pa tebulo limodzi ku esiteti aja. Akupatsani moni, ngakhale akuti munawalakwira kutsogola osawatsanzika.

Ndinafika masana n'kufuna kumasula pomwepo, iwo anandimenya padzanja. Anafunsa kuti ndine mwana wa yani ine, wosadziwa kuti padzuwa tsamba limanama. Anandigoneka komweko. M'mawa mame asanaume, masamba atafewa, anayala mphasa pamthunzi pakhomo pa chigafa, n'kuitana a Naphiri oyandikana nawo, amene nawonso anagwirako ntchito ku esiteti komweko. Amayi, mukanaona! Manja okalamba aja anayamba kuthamanga okha, tsamba uku, tsamba uko, milu isanu. Mkangano unayamba pofika pa ndege. A Naphiri anati inali ya mtundu wa lalanje. A Nambewe anati lalanje inali ikubwera kumene, koma pofika chaka chobadwa ine inali itasuluka ndi dzuwa, ikupita ku ndimu. Anapatukira kaye pa nkhani ya kalaliki wina amene anafunsira onse awiri, anatafulana pang'ono, kenako ndinangoona onse agwira tsamba limodzi, la pakati pa mtengo, lopanda banga. Ndinaliika pakati pa buku la nyimbo kuti lisaphwanyike m'matola.

Che Amidu nkhaniyi inawalowa mpaka ankasiya anthu ataima pakauntala. Tinkasakaniza pa chivundikiro cha chitini, chikasu ndi woyera pang'ono, ndi kadontho ka wofiira wopaka malata kotapa ndi nsonga ya msomali. Tikapaka pa kachidutswa ka chiwale kankafanana ndi tsamba lija, koma kakauma kankada. Tinaphunzira kudikira mpaka mawa lake, ndi kuyerekezera pamthunzi monga anandiphunzitsira a Nambewe. Tizidutswa tinachuluka pawindo la sitolo mpaka anthu ankafunsa ngati ndi mankhwala a malonda. Titatu tabwino ndinabwerera nato ku Njombwa. A Nambewe anatenga kachiwiri, anakatembenuza, anati ndi imeneyi, n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Nditafika kunyumba ndinapala chikasu cha chigubu chija, ndinapaka chatsopanocho ndege yonse, pamwamba ndi kunsi komwe.

Ndegeyo ndinawapatsa abambo Loweruka m'mawa atakhala pansi pa mtengo wa mango. Anaigwira ndi manja awiri, anasisita phiko ndi chala, ndipo ndinaona kuti mtunduwo aulandira. Kenako anaikweza pamwamba pa mutu wawo n'kumaiyang'ana kunsi, nthawi yaitali.

"Pamwambapa wakhoza," anatero. "Koma kunsiku sikunali chonchi. Anzake a mayi ako aja ankaiona itaima. Ine ndinaiona ikupita naye."

Amayi, kodi zimenezi munkazidziwa? Ati m'ndegemo munalibe malo awo, munalowa inu ndi azamba basi. Iwo anathamangitsa ng'ombe, anaima kumapeto kwa bwalo, ndege inawadutsa pamutu, ndipo anaona kunsi kwake kotuwa mopita ku buluu. Anaiyang'ana mpaka inasanduka kadontho n'kusowa. Masiku anayi sanamve kanthu, kaya muli moyo kaya ayi, ankangotchetcha udzu wotchetcha kale. Zonsezi sanauzepo munthu, ati ankaopa kuti muwaseka.

Tsiku limenelo anayankhula mpaka dzuwa linafika paliwombo. Dzina lanu analitchula, la utsikana lenileni lija, Agnesi. Anafotokoza mmene anakuonerani koyamba, mukubweza mulu wonse wa fodya pamaso pa kapitawo kuti wasakanizika, kapitawoyo akuchita thovu kukamwa, inu osasuntha. Ati pomwepo anadziwa kuti mkazi ameneyu akamulola, m'nyumba mwake simudzalowa bodza, ndiponso sadzapambana mkangano ngakhale umodzi. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinkalira ndi kuseka pamodzi, Esinati anaima pakhomo ndi mwana kumsana, ndipo nyemba zinapserera pamoto.

Ndiye tsopano tili pa ntchito ya kunsi. Apa a Nambewe sangathandize, mboni ndi imodzi yokha. Loweruka lililonse abambo amavala jekete lawo n'kunditsogolera kwa Che Amidu, amakhala pabenchi, n'kumalamula kuti onjezera woyera, chepetsa buluu, wakudayo wachuluka. Tsiku lina amati kunali ngati phulusa la zitsononkho likanyowa pang'ono, sabata inayo amati ayi, ngati nthenga za njiwa. Anthu a pa Chulu ayamba kuzolowera, ena amabwera dala kudzamva nkhani ya ndege, ndipo ikukula sabata ndi sabata. Ng'ombe zimene anathamangitsa tsiku lija zinayamba zili zitatu, pano zafika khola lonse.

Tayesa kasanu ndi kawiri. Kachinayi, Amayi, ndikulumbira tinaupeza. Ndinaona nkhope ya abambo atakweza kachidutswako kumwamba. Anakayang'anitsitsa, misozi ili lengelenge m'maso. Kenako anandibwezera n'kunena kuti sunafike. Che Amidu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi, ndipo kachidutswako ndinakalowetsa m'thumba la diresi.

Sabata yatha amalume anabwera kudzapangana tsiku lowasudzula. Ndinayala mkeka n'kukabisala kukhitchini komwe ndikanamva zonse. Abambo anawauza kuti sangachoke ntchito ili pakati, mwanayu akamusiya yekha aiwononga ndege. Amalume anafunsa kuti tsono itha liti. Iwo anati za utoto sathamangira, umafunika uume kaye munthu aone. Amalume anamwa thobwa lawo mpaka pansi, anati chabwino alamu, mudzatiuza ikatha, ndipo podutsa pakhitchini ananditsinzinira diso.

Dzulo m'mawa abambo ndinawasowa pakhomo. Ndinakawapeza kudambo akukonza mabedi a nazale ya fodya, atalima kale anayi, thukuta kamukamu, akudandaula kuti mwamuna wa Esinati sadziwa kusalaza dothi ndipo chaka chino amuonetsa okha kuyambira kufesa mpaka kuwokera. Kuwokera n'kwa mvula, Amayi, inu mukudziwa. Ndinangowapatsa madzi akumwa n'kubwerera, ndikuyenda ngati ndivine m'njira.

Tsono za iwo musadandaule. Akudya bwino, ayambanso kutilongolola. Ndegeyo ili pamwamba pa kabati yanu, msana wachikasu, kunsi ndinapalanso kwatsala chiwale chokhachokha. Ndikukulonjezani kuti utoto wa kunsiwo ndiziusakaniza ndi mtima wonse Loweruka lililonse, ndipo malinga iwo akunena kuti sunafike, inenso ndizivomera kuti sunafike.

Ndimakukondani monga kale, ndipo ndimakusowani tsiku lililonse.

Ine mwana wanu,
Elube