Kakhoma ka Pamafuwa Adakagumula

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife ku Bowe tilipo. Mdzukulu wanu adabadwa, wamkazi, mphuno ndi yanu yomwe ija. Chimanga sichidachite bwino, fodya tidangotaya. Chisankho munkachikayikira chija chidachitikadi, boma lidasintha, koma mchere sudatsike mtengo.

Kalatayi ndikulembera kuchipatala ku Mtengowanthenga. Ndikudwazika Yohane, chitsiriza wanu. Wapsa dzanja lamanja mpaka paphewa.

Mukukumbuka kakhoma kadothi mudamanga kuzungulira mafuwa chifukwa cha matenda ake a khunyu? Munkati, "Yohane aziothera kuseri kwa khoma, ndipo asamaothe yekha." Achemwali a Esinati adakugwirani dzanja muli gone, mutatsala pang'ono kumwalira, n'kulonjeza kuti adzamusunga. Nyumba ndi munda wa ku Dzoole tidawasiyira chifukwa cha mawu amenewo. Amayi, kakhomako achemwali adakagumula. Ati mgolo wa mowa wa chikondwerero cha chipani sunkakhala bwino pamafuwa.

Kuzizira kwa Juni kwathu kuja mukukudziwa. Yohane adasendera kumoto, matenda n'kumugwira, n'kugweramo. Achemwali adali pomwepo akusefa mowa. Adangokuwa ali chilili pakhomo, kuopa kuti thovu lake likawakhudza atenga khunyu. Adamukoka ndi mayi wina wodzagula mowa. M'malo mothira madzi ozizira pabalapo, achemwali adatuma anthu kuti amupake mazira aawisi. Anamwino adavutika potsuka, iye akulira ngati khanda.

Inu mudamufungatira zaka zonse zija, kumupukuta thovu ndi chitenje chanu, achemwali akuona. Mudatenga chiyani? Zandiwawa, Amayi, ndipo sindibisa, ndakwiya. Akadakhala munthu wapadera ndikadamvetsa, koma awa tidayamwa nawo bere limodzi. Kuchipatala kuno sadapondeko n'komwe. Adangotumiza nthochi.

Dzulo ndimamudyetsa phala, poti supuni sangagwire. Adandiyang'ana, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Achemwali, kodi nanunso mumandiopa?" Ndidangotenga supuni yomweyo n'kudyera, iye akuona.

Akatuluka sabwereranso ku Dzoole, munda achemwali adye okha. Ndipita naye ku Bowe. Bambo a ana akung'ung'udza, koma atopa okha. Kaya dzanjalo lidzagwiranso khasu, sindikudziwa. Chimene ndikukulonjezani n'chakuti tsiku lililonse limene adzagwe, woyamba kumugwira ndidzakhala ine.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lonesi