Chumuni cha Khitchini ya Amayi Anu

Okondedwa a Lorenso, mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Ife kuno kwa Tengani tilipo.

Munandipempha malangizo pa khitchini ya amayi anu, ndipo ndinalemba momveka: chumuni chimangidwe ndi dothi la pachulu, pakuti simenti imang'aluka ndi moto, ndiponso chitalike kupitirira denga. Dzulo mmisiri wanu Saulos anandiwerengera uthenga wa pafoni umene munamutumizira, anthu akumva: "Amalumewo muzingowavomera, n'zakale zimenezo."

Chumuni chimene wamangacho n'chasimenti, n'chachifupi, chang'aluka kale, ndipo utsi ukubwerera m'kati. Amayi anu akutsokomola kwambiri. Zimene anena achipatala sindilemba m'kalata muno.

Loweruka ndigumula chumunicho ndi kuchimanganso ndi manja angawa. Sindikupempha chilolezo chanu.

Ndine amalume anu,
Fulansisko Zuze