Chikwama Chimene Ndabisira Mnzake wa Tadala

Lachinayi, Novembala. Lero ndadzichititsa manyazi ndekha, m'nyumba mwanga momwe.

Mwana wanga Tadala akuphunzira buku lakale la ku Amereka, la ana okulira pakati pa tsankho. Sabata yonse takhala tikuwerengera limodzi, ine n'kumapukusa mutu kuti azungu a m'bukumo analibe umunthu.

Madzulo ano wabwera ndi mnzake Mirela kuti alembere limodzi za bukulo. Kwawo kwa Mirela anachokera ku Romania, mtundu uja anthu kuno ku Govanhill, dera la kudziko la azungu kumene tikukhala, amaunena kuti ndi wakuba. Ndisanamupatse ndi moni womwe, ndanyamula chikwama changa patebulo n'kukachitsekera kuchipinda. Mirela waona. Wangoti amayi ake akumudikira, n'kutsika masitepe.

Tadala amandiyankha m'Chingerezi nthawi zonse, koma lero wafunsa m'Chichewa: "Amayi, mwabisiranji chikwama?"

Ndati ndimangokonza m'nyumba. Wandiyang'ana, ndipo sanadye.

Mirela waiwala jekete yake pampando, kunja kukuzizira chonchi. Mawa ndikapereka ndekha. Koma amayi ake akakatsegula chitseko n'kundilandira bwino, ine ndikati chiyani…