Ndani Azikhuthula Thumba la Abambo Anu?

Itepela, 6 Juni

Okondedwa Bambo a Tionge,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nampulako, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiyani. Kuno tilipo. Tionge akupita kusukulu, fodya tatsala pang'ono kumaliza kusankha. Ine m'thupi ndili bwino, koma mumtima ayi.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumandidula pakamwa. Dzana munandifunsa ngati n'zoona zimene achemwali anu a Beatriz akuuzani, zoti ndaona umaliseche wa apongozi anga. Inde, n'zoona. Tsopano werengani mpaka pansi, mukwiye mutamaliza.

Kuyambira mwezi wa Malichi abambo anu ankazungulira kuseri kwa nyumba mwina kakhumi pa tsiku, n'kubwerako nkhope itakwinyika. Kenako anasiya kumwa madzi. Amene ndinazindikira ndine, poti ndine ndimawaikira kapu pakhonde n'kuchokapo, monga mwa mwambo. Yoika m'mawa ndinkaipeza madzulo ili yodzaza. Ankaganiza kuti akapanda kumwa, vuto litha.

Nanga ine ndikanawafunsa bwanji? Zaka khumi ndi chimodzi ndili pakhomo pano, sitinayang'anizanepo m'maso, ndipo dzina langa sanalitchulepo. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Amayi anu akanakhala moyo ndikanauza iwo. Ndiye ndinaimbira a Beatriz kumalire ku Entre Lagos. Anandiyankha kuti mtengwa sawerenga maulendo akuseri a apongozi ake, n'kutumiza mizu yoti aziwiritsa.

Lachiwiri lina, amuna onse apabanja pano atapita kumsika wa fodya, ndinamva kubuula m'chigafa. Ndinapeza abambo anu atagwera pamasamba a fodya, thukuta lili kamukamu, pansi pa mchombo patatupa ngati chipanda. Masiku awiri osakodza ngakhale dontho! Paja amati manyazi anapha lambe. Mumafuna ndiime pakhomo n'kumaomba m'manja mpaka atsirizike?

Ndinathamangira a Amade anjinga yamoto. Tinawakhazika pakati, ine kumbuyo, nditawamangirira ndi kapulana wanga, chitenje chimene ndinavala, mpaka kuchipatala ku Mandimba.

Kumeneko dotolo anandijambulira papepala. Anati impso ziwiri zimasefa magazi osapuma, munthu amwe asamwe. Mkodzo umatsika m'timapaipi tiwiri kupita m'chikhodzodzo, chimene chimausunga mpaka chitadzaza, kenako umatulukira njira imodzi yokha. Amuna akamakalamba, kachiwalo kena kozungulira njirayo kamakula n'kuifinya. Pamwamba mkodzo ukubwerabe, pansi patsekeka. Anati tikanachedwa, ukanabwerera kumtunda n'kuwononga impso. Pepalalo ndaliika m'kalata muno. Lisungeni, inunso ndinu mwamuna, ndipo imvi zayamba.

Anawalowetsa kapaipi kamene amati aligaliya, kokhala ndi thumba kumapeto. Thumbalo linadzaza kawiri ine ndikuona. Abambo anu analira misozi yeniyeni, kenako anagona tulo. Namwino anafunsa woti amuphunzitse kukhuthula thumba ndi kutsuka pamene kapaipi kalowera, poti manja a abambo anu amanjenjemera. Ndinayang'ana uku ndi uku. Mwana wawo wamwamuna ali ku Nampula, wamkazi ali kumalire kugulitsa malonda. Ndinapereka manja anga.

Choncho eya, ndimawatsuka tsiku ndi tsiku, ndi sopo ndi madzi owiritsa. Iwo amaphimba kumaso ndi chipewa, ine ndimayang'ana ntchito yanga. Musaganize kuti n'zopepuka. Tsiku loyamba ndinakasanza kuseri, osati chifukwa cha fungo, koma manyazi.

Lamulungu a Beatriz anatulukira, atavala nsapato zoyera, n'kuyamba kukalipa mudzi wonse ukumva. Akuti ndalaula mudzi. Akuti ndibwerere kwathu. Akuti kapaipiko kachotsedwe, poti mkulu wa mpingo sangamayende ndi thumba la mkodzo pamwendo. Ndinawabweretsera ndowa, n'kuwauza kuti zotsukazo tizisiye, angokhuthula thumba lokha, poti lili pabondo pomwe aliyense amaona. Anagwira mphuno n'kubwerera m'mbuyo. Anakwera chapa, minibasi yamadzulo omwewo, ngakhale kapu ya abambo awo sanaitsuke.

Koma a Beatriz sanandipweteke ngati inu. Munandifunsa ngati ndinaona. Simunafunse ngati abambo anu akukodza. Ndinalira, Bambo a Tionge, ndipo ndikadali wokwiya.

Pa 20 mwezi uno akufunika ku Cuamba, kukasintha kapaipi ndi kukamva za opaleshoni. Bwerani, sitima ikuyenda. Mukabwera, sopo ali pawindo, ndikuphunzitsani, ndipo ine ndidzayambanso kupatukira kutchire ndi mtima woyera. Mukapanda kubwera, wina asayerekeze kukhudza kapaipiko ine ndili moyo. Ngati mwatsimikiza zondibweza kwathu, ndibwezeni, koma muyambe mwandiuza amene azikhuthula thumbalo.

Chomaliza ndi ichi. A Beatriz atapita, ndinaika kapu pakhonde n'kutembenuka kuti ndizipita. Abambo anu anamwa madzi onse. Kenako anandiitana okha, osatuma munthu, osati amayi a Tionge, koma Nélia, dzina langa lenileni. Anandiuza kuti ndiwonjezere ena.

Mulungu akusungeni pantchito yanu, akubweretseni ndi mtendere. Mundiperekere moni kwa amalume anu a Jafali ndi banja lawo lonse. Tionge akuti akusowani.

Ndine mkazi wanu, wokwiya koma wanube,

Nélia