Duwa Likumwa Madzi Anga

Lolemba, 2 Juni
Wina wasiyanso ntchito. Bambo wamphamvu uja, amene ankandinyamula kupita kuchimbudzi. Akuti akulongedza katundu m'sitolo, malipiro kuposa a pano panyumba yosungira okalamba. Sindikumuda, nayenso ali ndi ana. Koma khonde lonse lino, nkhalamba zokhazokha, wotisamalira watsala mmodzi: Ndikubwera. Dzinalo ndinam'patsa ndine. Ukaliza belu umangomva mawu patali, "Ndikubwera, agogo!" Mwini wake osaoneka.

Miyendo inafa ndi sitiroko, mutu uli bwinobwino. Moyo wonse woyendetsa basi, lero kudikira wondikankha pachikuku.

Lachitatu, 4 Juni
Belu m'mawa. Belunso. Pomwe ankafika n'kuti zitachitika kale. Manyazi! Iye kungosintha zofunda, maso ali psu ndi tulo. Masana amayi oyang'anira nyumba ino: "Bambo, tingokuvekani thewera, manja atichepera." Ndakana, mokweza ndithu. Aphunzitsi a pabedi linalo anawaveka chaka chatha. Chiyambire pamenepo salankhula, amangoyang'ana khoma. Ine ayi. Bola kufa.

Loweruka, 7 Juni
Nzeru ndaipeza. Wosamwa sakodza. Madzi akabwera, kunyowetsa milomo basi, otsalawo m'duwa la pawindo limene anandibweretsera mpongozi. Tiyi chimodzimodzi. Tinkatero pa basi, ulendo ukakhala wautali. Lero belu kamodzi kokha. Ndikubwera mpaka kundiyamikira: "Agogo mwamaliza kapu yonse, mwachita bwino!" Ndangoseka.

Lachiwiri, 10 Juni
Mwana wanga pafoni. Nkhani yake imodzi, mtengo wa pano wakweranso. Nanga ndalamazo zimalowera kuti? Nsapato ya Ndikubwera chala chili panja. Akaweruka pano akuti amakachapanso m'makomo mwa anthu. Ndimafuna kumuuza mwanayo za thewera, lilime lakana. Bambo angayambire pati?

Kukamwa kouma. Tulo tosabwera, ndangotembenuka uku ndi uku. Duwa lokha ndi limene likusangalala, masamba atsopano, lopanda n'chisoni chomwe.

Lachinayi, 12 Juni
Mutu waukulu. M'chiuno moto. Belu sindinalikhudze tsiku lonse, ndapambana. Injini ikulira panja. Ndafunsa Aphunzitsi ngati okwera akwana, sakuyankha. Makiyi sindikuwaona. Anthu akudikira pasiteji, ndachedwa, wina anditsegulire chitse

Lolemba, 23 Juni
Ndabwerako kuchipatala dzulo. Impso, akuti thupi linauma. Madzi anachita kundilowetsa m'mitsempha.

Amene anandipeza ndi Ndikubwera. Ndi iyenso anazindikira zonse, atamva fungo la tiyi m'dothi la duwa. Amayi oyang'anira amukalipira pamaso pa anthu, ati sankandiyang'anira bwino. Iyeyo! Munthu mmodzi, khonde lonse. Ndawauza kuti wolakwa ndine, angogwedeza mutu ngati akumvera mwana. Mtima ukundiwawa kuposa impsozo.

M'mawa Ndikubwera waima pambali panga mpaka kapu yatha, mabelu akulira mbali zonse. Misozi ili lengelenge: "Agogo, mukanangondiuza." Ndikanamuuza chiyani, kuti adzigawe pakati? Mwezi ukatha nayenso akupita kusitolo kuja.

Duwa lamasula, lofiira. Thewera likuyabwa. Belu lili pomwepa, ntchito yake sindikuionanso. Pakhoma limene amayang'ana Aphunzitsi pali kamng'alu, kochokera pakona kutsikira kubedi. Kale sindinkakaona.