Mlongo wanga akufunira mtendere munthu amene adamupundula

Agogo,

Ndine mtsikana wa ku Glasgow kuno, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Anthu amati ndili ndi pakamwa, ndipo sindikana. Koma pankhani iyi pakamwa pangapa pandipalira moto.

Mlongo wanga wamng'ono, Chiyamiko, amayendera ndodo tsopano. Adavulala pangozi ya galimoto pochokera kuphwando la Amalawi lokumbukira ufulu wa dziko lathu. Oyendetsa adali a Tadeyo, bambo a kumpingo kwathu amene tidakula tikuwatchula ankolo. Chiyamiko adaona ndithu kuti amwa. Koma atamuuza kuti, "Kwera mwana wanga, ndikakutule kwanu ku Easterhouse," adakwera. Nanga mwana woleredwa bwino angauze munthu wamkulu kuti mwaledzera? Ulemu womwewo ndi umene udamudyera mwendo.

Khoti lidawapeza olakwa, adakaseweza kundende, pano adatuluka. Ine ndikawapeza m'basi ndimatsika, ngakhale kukugwa mvula.

Ali m'chipatala, Chiyamiko adadziwana ndi namwino wina wa ku Sri Lanka, wa chipembedzo cha Chibuda, amene adamuphunzitsa kukhala chete n'kumasinkhasinkha ululu ukamukulira. Tsopano amasonkhana nawo Abudawo. Zimenezo ndilibe nazo vuto, bola akupeza tulo. Koma tsiku lina m'mawa ndikumupititsira tiyi, ndidamumva akutchula maina motsitsa mawu. Adatchula amayi, adatchula ine, kenaka ndidamva, "A Tadeyo akhale pamtendere, asazunzike."

Ndidamufunsa, "Si inu mumati kuli karma, yoti munthu amakolola zimene wafesa? Bwanji osaisiya iwakanthe?" Iye adaseka, amvekere, "Achemwali, karma si galu woti muzisaizira adani anu." Pamenepo mtima udandiwira, ndidati, "Ndiye mwendo wakowo ndi karma yakonso eti?" Tiyi uja sadamwe, adazizira pomwepo.

Tsopano a Tadeyo atuma akulu a mpingo kuti akufuna kupepesa pamaso. Chiyamiko wavomera, ndipo wandipempha ndikakhale naye. Akuti, "Masitepe ndikwera ndekha, koma mawu akakandithera ndikufuna ndiziona inu." Ndakana. Akuti apita yekha. Chiyambire tsiku limenelo timangopatsana moni ngati anthu alendi.

Kodi chipembedzo chimenechi chimati wolakwa azingosisitidwa pamsana? Chilungamo chili pati? Ndikapita, si ndiye kuti ndavomera kuti mwendo wa mlongo wanga ndi wotchipa? Koma kumutayanso mwanayu sindingathe, Agogo. Ndidamuberekapo kumbuyo ine.

N.C., Glasgow

Mdzukulu wanga N.C.,

Ukali wakowo ndauona, koma pansi pake ndapezapo chikondi chokhachokha.

Ine si Mbuda, choncho ndafunsa kwa eni ake. Sanena kuti wolakwa asisitidwe ayi. Kwa iwo, kumwa mpaka kutaya nzeru ndi kuvulaza ena n'kulakwa, kaya uli ku Dedza kaya ku Glasgow, wapolisi aone kapena asaone. Amati chilichonse chimene munthu wachita mtima wake ukudziwa chimabala chipatso, ndipo adye ndi iye mwini. Makolo athu adanena kalekale kuti choipa chitsata mwini. Khoti lidachita mbali yake, ndipo lidayenera kutero. Katundu wotsalayo a Tadeyo asenza okha. Chiyamiko sangawatule, iwenso sungawasanjikire wina. Chimene mlongo wako wakana ndi kusenza chidani, chikhalirecho ndodo ikumulemera kale.

Andiuzanso kuti si tsoka lililonse limene limagwera munthu chifukwa cha zochita zake. Ndiye yamba ndi mawu aja a mwendo, ukawabweze lero lomwe. Mugogodere, ukhale pansi, umuuze kuti wolakwa ndi amene adagwira chiwongolero atamwa, osati mwana amene adangopereka ulemu. Usadabwe ukapeza kuti iyenso wakhala akudziimba mlandu wokwera galimoto ija.

Ukatero, pita naye. Sadakupemphe kuti ukakhululuke, wakupempha kuti ukakhale pampando basi. Uwauziretu akulu a mpingowo kuti chanza sukapereka, ndipo asakakupanikize ndi pemphero lalitali kuti ulire nawo. Kukhululuka sikukhala ndi wotchi. Ukapatsidwa mpata wolankhula, usakawerenge machimo onse a bamboyo. Ukangonena zimene manja ako achita chichitikire ngoziyo: kumuveka nsapato mnyamata amene ankathamangira basi, kumudikira pamasitepe mpaka apume. A Tadeyo akamve zimenezo kuchokera pakamwa pako, akukuyang'ana. Chilungamo chimenecho khoti silikadakupatsa.

Koma samala nalo lilime. Ukakayamba kulalata, Chiyamiko ndi mtima wakewo akayamba kuikira kumbuyo a Tadeyo, ndipo iwe ukabwerako wekha, chibale chitasweka. Ukamva kuti zikukwera, ukamwe madzi.

Paja wati m'mawa uja adatchula iwe asanatchule a Tadeyo. Malo akowo palibe walanda. Ukakhale pamene angakuone.

Ndine agogo ako.