Mwana Wasiya Kundimenya

Lolemba, 7 Julaye

Mwera kuyambira m'mawa. Mchenga m'mano, mchenga m'tiyi. Chinangwa chimene apongozi anaviika kuseri kwa nyumba chavunda, fungo lake mpaka kuchipinda. Ndasanzanso. Mwezi wachisanu ndi chitatu, koma kusanza ngati mimba yangoyamba kumene.

Mapazi atupa. Mphete ndavula ndi sopo.

Mwana lero ulesi. Masiku onse ndikangomwa tiyi amayamba kundiponda m'nthiti, ndikawerama popemphera swala ndiye amachita kutembenuka. Lero wangogunda pang'ono cha kumasana, basi. Ndauza apongozi. Akuti, "Akusunga mphamvu za ulendo, mwana wamwamuna amatero." Iwo anabereka nyumba yodzaza, ine uyu ndi woyamba, ndiye mawu anga alibe kulemera.

Amuna anga a Faruku akadali ku Dwambazi. Akuti usipa uli kumeneko. Ndi mwera uno akulowa m'nyanja ndani? Foni yozima.

Lachitatu, 9 Julaye

Dzulo sindinalembe. Mutu ngati wina akukhomamo msomali.

Ndamwa madzi ozizira, ndagonera kumanzere monga anatiuzira kusikelo. Ndadikira, dzanja pamimba. Kugwedezeka kofooka, ngati nsomba yokhalitsa m'bwato. Uyu si mwana wanga amene ndimamudziwa.

Anesi a Benedicta anatiuza mwezi watha, "Mwana akasintha kaseweredwe, musadikire tsiku la sikelo, bwerani tsiku lomwelo." Ndawakumbutsa apongozi mawu amenewa. Iwo m'malo moitana njinga aitana a Zelifa, azakhali awo a Faruku. Abwera akuchokera kotumbula nsomba, osasamba m'manja. Andikanda pamimba ndi zala za mamba, ine kupuma ndi pakamwa kuti ndisawasanzire pamutu.

Chigamulo chawo, mapinga. Kutanthauza kuti a Faruku agona ndi akazi ena ine ndili ndi pakati, ndiye mwana wapingidwa. Mankhwala ake, mwiniwakeyo abwere, akhale pamkeka, atchule akaziwo mmodzimmodzi pamaso pa akuluakulu. Zisanachitike zimenezo kuchipatala ayi. "Kumeneko angokung'amba iwe Rahila, mapinga alibe jekeseni."

Ndiye kuti moyo wa mwana wanga uli m'buluku la a Faruku. Nyansi.

Chondinyansa kwambiri, zikuwasangalatsa. Madzulo onse awiriwo pakhonde, kupeta mpunga uku akuyerekeza mayina. Kaya ndi wamandasi wa kudoko, kaya ndi uja mwamuna wake anapita ku Joni. Kuseka mpaka kutsokomola. Mwana wawo yemwe, ndipo akuchita ngati wagoletsa chigoli.

Lachinayi, 10 Julaye

Atuma uthenga ku Dwambazi kudzera kwa a Jamali, mwini wa bwato. Yankho, abwera mphepo ikaleka. Ngati ku Chia kuno amabwera posambira.

A Zelifa abweretsa zakuda m'botolo, pamwamba pakuyandama timakungwa. Akuti zogwiriziza mwana podikira bambo wake. Ndanunkhiza kokha, m'kamwa malovu tho. Ndakataya kuseri kwa bafa. Ndabweza botolo ndikupukuta milomo, ndathokoza ndi manja awiri. Kunama ndikukudziwa tsopano.

Nkhope yatupa. M'maso tinthu towala tikuuluka.

Buku langa la kusikelo mulibe m'chikwama. Ndafunsa. Apongozi akuti alisunga kuti lisanyowe. Mu Julaye, mvula yake iti? Munthu wosadumpha swala, mikanda ya tasibihi m'manja tsiku lonse, koma kubisa buku la mwana. Kumadrasa za mapinga sitinaphunzire ife.

Mwana chete chiyambire m'mawa. Ndamugwedeza. Ndamuimbira. Ndagogoda chivundikiro cha poto pafupi ndi mchombo, chimene kale chinkamudzidzimutsa. Palibe. Ndamunyoza kuti waulesi ngati bambo wake, kenako ndalira ndikumupepesa.

Ndili ndi mantha. Palibe amene ndingamuuze m'nyumba muno osandiyankha za akazi a ku Dwambazi.

Lachisanu, 11 Julaye

Ndikulemba pabenchi ya chipatala chathu chaching'ono, kudikira ambulansi.

Ndadikira onse apite kumzikiti ku mapemphero a Ijumaa. Ndavala buibui, ndadzera kuminda ya mpunga kuti anansi asandione, mpaka kumsewu. A Raston a njinga yamoto andiyang'ana kumaso kamodzi, osafunsa kanthu. Bampu iliyonse ndimapempha Allah kuti mwina imeneyi imudzutsa.

A Benedicta za buku sanafunse n'komwe. Andigoneka, aika kachitoliro kawo pamimba, khutu pamenepo. Chete. Asuntha. Chete. Ine kuyang'ana kudenga, kangaude ali pakona ndi ntchentche yake. Atenga kamakina, apaka mafuta ozizira. Phokoso ngati wailesi yosagwira siteshoni. Kenako, kutali kwambiri, kugunda.

"Alipo, koma watopa." Ndagwira dzanja lawo mpaka achita kulikoka.

BP yakwera moopsa. Kutupa kuja, mutu uja, tinthu ta m'maso tija, zonse ndi imeneyo. Akuti mwana chakudya sichikumufika bwino. Andibaya, andilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu ku boma.

Andifunsa, "Chiyambire Lolemba mumadikira chiyani, mayi?" Ndikanati chiyani? Kuti ndimadikira amuna anga adzawerenge zibwenzi zawo? Ndati mayendedwe anavuta. Manyazi andigwira ngati wachita chigololoyo ndine.

Aimbira achimwene anga a Khalidi ku Bua. Akuti tikakumana ku boma konko.

Lachiwiri, 15 Julaye

Chipatala chachikulu. Anandipanga opaleshoni Lachisanu lomwelo dzuwa lisanalowe.

Mtsikana. Wamwamuna wosunga mphamvu uja ndi ameneyu.

Sanalire potuluka. Ndinangomva anthu akuthamanga, wina akuti bweretsani mpweya. Sindidziwa zinatenga nthawi yotani. Kenako kamawu ngati ka mwana wa mphaka.

Ali ku nazale, timachubu m'mphuno. Mwendo wake ndi chala changa chachikulu n'zofanana. Ndimapita ndikugwira khoma, bala likukoka. Ndimafinyira mkaka m'kakapu, amamupatsa kudzera m'chubu. Adokotala anati, "Mukanagonanso kunyumba tsiku lina limodzi, tikanatulutsa wakufa." Anazinena uku akulemba, osandiyang'ana. Ine sizikuchoka m'mutu.

M'wodi fungo la magazi, jiki ndi matewera. Pansi pa mabedi miphika ya odikirira odwala. Woyandikana naye amalavulira m'chitini. Komabe bola kuno kusiyana ndi khonde lija.

Amayi anga ndi amene akundidikirira. A Khalidi abweretsa phala ndi nthochi. A ku Chia palibe wafika.

Lachinayi, 17 Julaye

Abwera atatu. Apongozi, a Zelifa, ndi a Faruku atavala shati yatsopano, ometa bwino, mafuta onunkhira mpaka ndinachita nseru.

Nkhani ndi iyi. A Faruku anafika kumudzi Lachisanu masana, ine nditathawa kale. Anawakhazikabe pamkeka. Anatchula. Atatu. Ndiye a Zelifa, nkhope yowala, "Waona? Iye kungotchula uko, mwana kutuluka wamoyo kuno." Apongozi kugwedeza mutu. Opaleshoni, BP, ambulansi, a Benedicta, ine kudutsa m'minda ndi mapazi otupa, zonsezo palibe. Wapulumutsa mwana ndi Faruku, ndi chilungamo chake. Akufuna ndimuthokoze.

Mayinawo sindinafunse. Andiuzabe, m'wodi, amayi anga ali pomwepo, wa chitini uja atatchera khutu. Wachiwiriyo ndinakhala naye benchi imodzi kusukulu. Mwini nkhani chilili kumapazi kwa bedi, maso pa sandasi zake. Sanafunse bala. Sanafunse ngati mwana akupuma yekha. Anangoti, "Zinatha izi, tisazikumbenso."

Lero tsiku lachisanu ndi chiwiri, lopatsa mwana dzina. Abwera nalo lawo, la agogo awo a Faruku, mbuzi akuti agula kale. Anati bambo wake alowe ku nazale akamutchule.

Ndinakana. Ndinati pakamwa pamene patuluka mayina atatu aja sipatuluka la mwana wanga. Apongozi kugwira pachifuwa. A Zelifa akuti ndi mankhwala ogonetsa aja sanathe m'mutu. Amayi anga anangonyamula chitenje changa n'kundigwira mkono.

Ndinalowa ndekha. Ndinasamba m'manja, ndinawerama mmene bala likanalolera. Bismillah. Ndinamuuza m'khutu kuti ndiwe Mariam. A Khalidi adzamuwerengera pemphero la adhana m'khutu akatuluka.

Akatitulutsa tikupita ku Bua, kwa amayi. Katundu wanga ku Chia akatenge a Khalidi, ine pakhomo paja sindipondapo msanga. Mbuzi adye okha.

Potuluka ndinawapeza atapita. Asiya jumbo ya usipa pabedi, mafuta ake alowa m'nsalu yofunda. Ndapatsa wa chitini.

Anesi akuitana, mayi ake a Mariam. Ndinayamba ndacheuka kuyang'ana wina, ndisanazindikire kuti akunena ine. Akuti amuchotsa chubu cha mpweya, ndikayese kumuika kubere. Mkaka wayamba kale kudontha pa tsamba lino.